Ndinalipira kwayamasitala kuti andiphunzitse kuyankhula m'kalasi

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Blantyre, ndipo chaka chino m'kaundula mwanga muli ana 114. Denga lathu ndi la malata opanda siling'i. Mvula ikagwa, kalasi yoyandikana nafe ikamawerenga a e i o u mokweza, mwana wokhala pansi kumbuyo kwenikweni samva chilichonse pokhapokha mphunzitsi atakuwa. Ndinakuwa kwa zaka 9. Pofika Lachinayi mawu anga amakhala atasasa ngati a munthu amene wagona pa maliro, Lachisanu ndinkangoloza pa bolodi n'kumamenya tebulo ndi dasitala. Loweruka ndi Lamulungu mawu ankabwererako, Lolemba n'kuyambiranso. Ine ndinkati vuto ndi fumbi la choko, anzanga ankati ndi chiperoni, apongozi anga ankati ndimamwa madzi ozizira.

Chiyambireni 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kupitirira, makalasi a ana ang'onoang'ono akhala odzaza chonchi. Ku koleji anatiphunzitsa kulemba masikimu, kukonza phunziro, kupanga zipangizo ndi makatoni ndi zitsekerero za mabotolo. Za mawu, chida chimene timagwiritsa ntchito kuyambira belu loyamba mpaka poweruka, sitinaphunzire ngakhale ola limodzi.

Mnzanga wina amene amaimba alto kutchalitchi kwawo ndiye anandiuza kuti a kwayamasitala awo atsegula kalasi ya Loweruka, osati ya oimba ayi, koma ya anthu amene ntchito yawo ndi kuyankhula pagulu. Ndinakayikira. Ine sindifuna kuimba, ndinamuuza choncho, ndikufuna ndifike Lachisanu ndili ndi mawu. Anangoti ndikaone kaye kamodzi. Ndinapita, ndinalipira, ndipo ndinamaliza miyezi yonse itatu. Ndikulemba izi chifukwa aphunzitsi anzanga ambiri akhala akundifunsa ngati ndalamazo zinapita pabwino.

Maphunzirowa amachitikira mu holo ya tchalitchi, kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko m'mawa, Loweruka lililonse kwa milungu 12. Malipiro ndi apamwezi, amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mtengo wake pamwezi sukusiyana kwenikweni ndi thumba lalikulu la makala. Kwa mphunzitsi wa ku pulayimale si ndalama yongotola, makamaka mukaonjezera ya minibasi. Tinalipo 17. Aphunzitsi tinali asanu, panali akulu ampingo awiri amene amalalikira kumiraga, mnyamata wina amene amayendetsa mwambo pa maukwati ndi pa zinkhoswe, mayi wina wa zaumoyo amene amaphunzitsa amayi ku sikelo, ndi ena. Panalinso mnyamata wachibwibwi amene ankakonzekera kukayesedwa ntchito. Za iyeyu ndinena bwino kutsogoloku.

Tsiku loyamba sitinaimbe. A kwayamasitala aja, bambo wachikulire wa imvi, wayendetsa kwaya kwa zaka zambiri, anatipatsa aliyense kapepala ka zolengeza za m'tchalitchi kuti tiwerenge tili kutsogolo, iwo atakhala pa benchi yomaliza. Sankayang'ana pakamwa, ankayang'ana mapewa. Nditamaliza anati, "Madamu, inu mumayankhula ndi khosi lokha. Mpweya mumausiya pakhomo." Anandiuza kuti ndikokenso mpweya dzanja lili pachifuwa. Mapewa anakwera mpaka m'makutu, mimba inalowa m'kati. Anati umo ndi mmene amapumira munthu wothamangitsidwa ndi galu, ndipo munthu wopuma choncho mpweya umamuthera chiganizo chisanathe, ndiye mawu otsalawo amawafinya ndi minofu ya pakhosi.

Milungu itatu yoyambirira inali ya kupuma basi, ndipo ngati pali gawo limene ndinganene kuti linabweza ndalama yanga yonse, ndi limeneli. Tinkayala zitenje ndi mphasa pansi, kugona chagada, buku la nyimbo lili pamimba. Ukakoka mpweya bukulo likwere, ukatulutsa litsike, chifuwa chisasunthe. Anatifotokozera kuti pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wooneka ngati mbale yovundikira. Ukakoka mpweya mnofuwo umatsika, n'kukankha za m'mimba, n'chifukwa chake mimba ndi nthiti zam'munsi zimafufuma. Woimba amaphunzira kuubweza pang'onopang'ono kuti mpweya uzituluka mofanana mpaka mzere wa nyimbo utathe. Kenako tinkaimirira n'kumatulutsa mpweya ndi "sssss" ngati tayala lobooka, iwo akuwerenga masekondi pa wotchi. Tsiku loyamba ndinafika pa 11. Pomaliza maphunziro ndinkafika pa 27 osanjenjemera. Kunyumba ana anga ankadabwa kundiona nditagona pa simenti m'mawa ndi buku pamimba, koma pa mlungu wachitatu ndinazindikira kuti m'kalasi ndayamba kumaliza chiganizo chonse ndi mpweya umodzi, ndipo mitsempha ya m'khosi sinkatulukanso.

Chinthu chimene chinandisintha maganizo kwenikweni ndi pamene anajambula kholingo pa bolodi. M'kati mwake muli timinofu tiwiri tating'ono, tosaposa chikhadabo cha chala chachikulu, timene timagundana mpweya ukamadutsa. Mwa munthu wamkazi timagundana pafupifupi ka 200 pa sekondi imodzi akamayankhula, mwa mwamuna kupitirira pang'ono ka 100. Ndinakhala pa benchi paja n'kumaganizira maola onse amene ndimayankhula pa tsiku. Ukakuwa timinofuto timamenyana mwamphamvu, timatupa, ndipo ukapitiriza kwa zaka timatha kumera tizotupa tolimba, monga mmene m'manja mwa mlimi mumalimbira ndi mpini wa khasu. Vutoli limapezeka kwambiri mwa aphunzitsi ndi oimba. Kusasa kwanga kwa Lachinayi kunali kutupa kumeneko. Choko chinkangoonjezera.

Atatiphunzitsa kupuma anabwera ndi zotenthetsa mawu, zimene kwaya iliyonse yabwino imachita isanayambe. Kunjenjemeretsa milomo, "brrrr", monga amachitira mwana woyendetsa galimoto ya mawaya, kukwera ndi kutsika. Kuimba chotseka pakamwa, "mmmm", mpaka milomo ndi mphuno ziyambe kunyerenyetsa. Iwo amati mawu akanyerenyetsa kutsogolo kwa nkhope ndiye kuti afika pamalo pake, amamveka patali popanda kukankha. Ndiye panali ya kapaipi. Aliyense amabwera ndi botolo la madzi osadzaza ndi kapaipi kapulasitiki komwera zakumwa, n'kumaimba kudzera m'kapaipiko madzi akuwira thovu. Poyamba ndinaona ngati masewera a ana. Koma ukachita mphindi ziwiri kapena zitatu n'kuyankhula, mawu amatuluka opepuka ngati khosi latsukidwa. Abambowa sanabise kuti njirayi si yawo, anaitenga kwa katswiri wa za mawu wa ku America, Ingo Titze, ndipo aliyense angathe kuonera pa YouTube akuonetsa yekha kuimba kudzera m'kapaipi. Chimene chimachitika n'chakuti potsekereza pang'ono potulukira mpweya, mphamvu ina imabwerera kukholingo n'kuthandiza timinofu tija kugundana mofewa. Mpaka lero m'kabati ya m'kalasi mwanga muli botolo ndi kapaipi, ndimachita pa buleki.

Mwezi wachiwiri ndiwo unandikoma kuposa yonse, chifukwa apa m'pamene nyimbo ndi kuyankhula zinakumana. Tsiku lina analemba pa bolodi mawu amodzi, mtengo, n'kutiuza tiwerenge. Ena tinawerenga wa mango, ena anawerenga wa pamsika. Zilembo n'zofanana, koma khutu la Mchewa aliyense limadziwa kusiyanitsa, chifukwa wina mawu amakwera pakati, wina amayenda pansi. Analembanso ndimathandiza. Ukaukweza mwanjira ina ukunena zimene umachita masiku onse, ukaukweza mwanjira ina ukunena zimene unkachita kale. Anati, "Mukuona? Chichewa n'choimbidwa kale. Inu mukamakuwa mumaphwanya nyimbo yake." Ndipo n'zoona. Munthu akakuwa amakweza mawu onse pamzere umodzi, zokwera ndi zotsika zimafafanizika, mwana wa kumbuyo amamva phokoso koma mawu sawagwira. Ine ndinkaganiza kuti ana samandimva chifukwa mawu anga ndi ochepa, pamene ndinkachita kuwaphwanyira ndekha chimene chikanawathandiza kumva.

Anationetsanso chinthu china chimene timachita tonse osadziwa. Tikamamaliza chiganizo m'Chichewa timakoka pang'ono phatikizo loyandikana ndi lomaliza: tapita kumuunda, bwerani kuuno. Kukokako ndiko kumauza womvera kuti mfundo yatha. Munthu wamantha pagulu amathamanga, amameza mapeto amenewa, anthu n'kumasochera kuti chiganizo chathera pati. Ndiye ankatiombera m'manja pang'onopang'ono ngati akuyendetsa nyimbo ya maliro, ife tikuwerenga motsatira kugundako, ndipo pa mpumiro uliwonse tinkayenera kukhala chete kugunda kuwiri. Kukhala chete kutsogolo kwa anthu n'kovuta kuposa kuyankhula. Mtima umati thamanga, akuyesa waiwala. Koma abambowa ankati mu nyimbo malo opumira nawonso amalembedwa, amawerengedwa, woimba amene amawadumpha amasokoneza kwaya yonse. Mmodzi wa akulu ampingo aja, amene poyamba ankalalikira ngati akuthawa mvula, pofika mlungu wachisanu ndi chiwiri anatiwerengera ndime ya m'Masalimo moti holo yonse inangoti zii.

Pa katchulidwe anatenga nthawi yochepa koma yothandiza. Tinkagwira kapepala kopyapyala kutsogolo kwa milomo n'kumanena pala, phala, kama, khama. Pa phala ndi khama kapepalako kayenera kugwedezeka, pa enawo ayi. Kwa ine wophunzitsa ana kuwerenga maphatikizo, ichi ndinachitengera m'kalasi Lolemba lomwelo, ndipo ana amachikonda.

Chimene chathandiza kwambiri pa ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi nkhani ya woyambitsa ndi ovomera. Anatifunsa kuti agogo athu ankatani pofuna kuti ana khumi aphokoso akhale chete madzulo pamoto. Sankakuwa. Ankangoti "Padangokhala," ana onse n'kuvomera "Tili tonse," nthano n'kuyamba. Mlaliki akati aleluya, mpingo umati ameni, ndipo amene amasinza amadzuka. Nyimbo zathu za pamtondo, za kumunda, za pa chinamwali, zonse zimayenda chomwecho, mmodzi aponya, gulu lilandira. Aphunzitsi a makalasi ang'onoang'ono timaimbitsa ana kale, si zachilendo ayi. Koma ine ndinkaimba ndi khosi lomwe lija lokuwira, ndipo ndinkayamba nyimbo pamwamba kwambiri, ndiye nyimbo inkandipwetekanso. Abambowa anakhala nane pa kiyibodi n'kundipezera pamene mawu anga amakhala momasuka, pansi ndithu kusiyana ndi pamene ndinkayambira. Tsopano phokoso likakula sindinenanso kuti khalani chete. Ndimaomba m'manja katatu, ndimaponya mzere umodzi mwa mawu apansi, mizere yakutsogolo imavomera, yakumbuyo imatsatira, ndipo pomaliza kuvomera kwachiwiri kalasi yonse ikundiyang'ana. Pamenepo ndimadikira kugunda kuwiri kuja, kenako n'kuyamba phunziro ndi mawu wamba.

Tsiku lotsekera teremu yatha a hedi anandipempha kuti ndilengeze zotsatira za makalasi a m'munsi. Tinali panja pansi pa mitengo, makolo atadzaza, magetsi atazima kotero chimkuzamawu sichinagwire ntchito. Kale ndikanakana kapena ndikanamaliza ndikutsokomola. Ndinaima mapazi motalikirana, ndinakoka mpweya mpaka m'nthiti, ndinawerenga maina ndi manambala kwa mphindi pafupifupi 20, dzina lililonse ndi mpumiro wake. Mayi wina amene anaima kumpanda anabwera pambuyo pake kudzandiuza kuti dzina la mwana wake analimva bwinobwino. Madzulo ake kunyumba mawu anali akadalipo.

Tsono zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo zina n'zazikulu.

Choyamba ndi nthawi. Abambowa akadali oyendetsa kwaya, ndipo Loweruka ndi tsiku la maukwati ndi maliro. Mwa masiku 12 aja, atatu tinafika n'kupeza holo yotseka, uthenga wa pa WhatsApp ukubwera tili kale pakhomo. Anatibwezera tsiku limodzi lokha. Maliro sakonzekeredwa, ndikudziwa, ndipo palibe angadandaule kuti munthu wapita kukaimba pa maliro. Koma ukwati umadziwika miyezi isanakwane, ndipo amene walipira minibasi kuchokera ku Bangwe kapena ku Chileka ayenera kuuzidwa Lachisanu.

Mwezi wachitatu unasochera. Tinayamba do re mi, kuwerenga manotsi a solofa monga amachitira makwaya ambiri kuno, kenako anatigawa soprano, alto, tenor ndi bass n'kumaphunzira nyimbo yathunthu. N'zokoma, ndipo ndinaona kuti apa m'pamene mtima wawo uli. Koma ife sitinalipire kuti tilowe kwaya. Mnyamata wa maukwati uja anapempha kangapo kuti tiphunzire kugwira maikolofoni, kuti isamalire ndiponso kuti mawu asamaphulike pa "p" ndi "ph", koma zinangokhudzidwa kamodzi mothamanga. Mayi wa ku sikelo ankafuna kuyeserera kuyankhula panja pali ana olira. Sitinatulukepo panja ngakhale tsiku limodzi. Holo ya tchalitchi ndi yabata, makoma ake amabweza mawu, aliyense amamveka bwino mmenemo. M'kalasi ya malata mvula ikugwa ndi dziko lina, ndipo zambiri ndinachita kuziyesa ndekha.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mnyamata wachibwibwi. Tsiku limene tinayamba kuimba, iye anaimba vesi yonse osakakamira ngakhale pamodzi, ndipo tonse tinaomba m'manja, ena misozi ili m'maso. Izi n'zodziwika, anthu ambiri achibwibwi akamaimba mawu amayenda bwino. Nyimbo imathandizadi ubongo pa kuyankhula, moti madokotala a ku Boston mu 1973 anakonza njira yothandizira anthu amene asiya kuyankhula chifukwa cha sitiroko pogwiritsa ntchito kaimbidwe ndi kugunda. Koma abambowa, mwa chisangalalo chawo, anamuuza pamaso pa tonse kuti pomaliza miyezi itatu chibwibwi chidzakhala chitatha. Sichinathe. Anapindula ndithu, powerenga motsatira kugunda ankayenda bwino, ndipo anasiya kutseka maso akakakamira. Koma pa mlungu wakhumi, atafunsidwa funso mwadzidzidzi n'kukakamira monga kale, ndinaona nkhope yake ikugwa, ndipo masiku awiri omaliza sanabwere. Kuimba ndi kuyankha funso la bwana pa ofesi si chinthu chimodzi. Munthu wodziwa kwaya asalonjeze zimene ndi ntchito ya akatswiri a zachipatala othandiza kuyankhula. Akanamuuza zoona poyamba, kuti izi zikuthandizani kupuma ndi kudekha koma si mankhwala, mnyamatayo akanamaliza nafe ali wonyadira zimene wapeza.

Pa za thanzi la pakhosi, malangizo awo ndi osakanikirana. Zina n'zolondola ndipo zinandithandiza: kumwa madzi pafupipafupi tsiku lonse, kupumitsa mawu ukaweruka, kusiya chizolowezi chokhosomola pofuna kuyeretsa kummero chifukwa kumamenyanitsa timinofu tija, ndiponso kusanong'ona mawu akasasa poganiza kuti ukuwasunga, pakuti kunong'ona mokakamiza nakonso kumatopetsa kholingo. Koma amalimbikitsanso kumwa dzira laliwisi m'mawa monga ankachitira oimba akale. Chimene wameza chimapita kum'mero wa chakudya, sichidutsa pa timinofu ta mawu, ndipo dzira laliwisi likhoza kukutsegula m'mimba. Tiyi wa jinja ndi uchi amafewetsa kukhosi, ndimamwa nanenso, koma sachotsa chotupa. Mu gulu lathu munali bambo wina amene mawu ake anali osasa kuyambira nthawi ya Khirisimasi, ndipo ankangopatsidwa kapaipi ndi jinja. Munthu amene mawu asasa kupitirira milungu itatu popanda chimfine ayenera kukaonedwa kuchipatala. Ku Queens kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi amene amatha kuyang'ana m'kholingo. Ndinawauza bambowo pambali, ndipo ndinauzanso a kwayamasitala kuti funso limeneli azifunsa aliyense tsiku lolembetsa. Anandimvera mwaulemu, anati aziyamba kutero.

Gulu la anthu 17 kwa mphunzitsi mmodzi pa maola awiri ndi lalikulu. Mphindi zimene anakhala nane ndekha pa kiyibodi zinali zamtengo wapatali kuposa ola lathunthu la pagulu, koma zinachitika kawiri kokha. Khutu lawo ndi lakuthwa zedi, amamva kuti nsagwada yauma kapena lilime labwerera m'mbuyo munthu atangonena mawu atatu, ndipo sachititsa manyazi munthu pomukonza. N'chifukwa chake ndikanakonda akanachepetsa gulu n'kufika pa anthu 10, ngakhale mtengo utakwerako pang'ono.

Kwa aphunzitsi anzanga, alaliki, azaumoyo ndi aliyense amene amaweruka khosi likuwawa, miyezi iwiri yoyambirira ndikukulimbikitsani ndi mtima wonse. Wachitatu lipirani ngati mumakonda kuimba. Pitani ndi chitenje chogonera, botolo la madzi ndi kapaipi kanu, ndipo pa tsiku lolembetsa gwirizanani nawo momveka za masiku amene angaphonye. Muyeneranso kuchita zoyeserera kunyumba tsiku lililonse, mphindi khumi zokha. Anzanga awiri amene ankangodikira Loweruka sanasinthe kwenikweni.

Ine ndakambirana ndi a hedi ndi aphunzitsi a Sitandade 1 mpaka 4, tasonkha kangachepe, ndipo a kwayamasitala avomera kubwera kusukulu kwathu teremu ikubwerayi. Ndawapempha kuti asabwere Loweruka. Abwere tsiku la sukulu mu Januwale, mvula ili pa malata, akhale pansi kumbuyo pamodzi ndi ana, amve okha zimene zimafika kumeneko.